Nalimata ndi Nyali Yosatentha

Padangokhala, kalelo nyama zikadali ndi maudindo ndi antchito, Nalimata adagwera m'nyumba ya eni ake. Ankathamangitsa ngumbi yonenepa, ngumbiyo idalowa pauna, iye n'kuitsatira, phazi n'kuterereka. Atatsegula maso adapezeka ali chagada pabalaza la Bwana Mfuko, pansi pa nthaka, dzanja la mlonda lili pamimba pake.

Ali chigonere choncho adaona kanthu. Pakona padali zitini zodzaza dothi, ndipo m'zitinimo mudali timbande ta mpiru toyera ngati ulusi. Tonse tidapendekera mbali imodzi, kuloza kukhomo kumene kunkalowera kakuwala kochepa. Nalimata adasunga zimenezi mumtima.

Mlondayo adali Sajeni Likongwe, yemwe adapuma usilikali koma njala sadapume nayo. Lamulo la nyumbayo lidali lodziwika: wolowa osaodira ndi ndiwo za mlonda. Likongwe adangoitana bwana wake kuti amve mwamwambo, malovu ali kale pachibwano.

Bwana Mfuko adali wolemera, mwini nkhokwe za chinangwa ndi mbatata. Maso ake sankaona kanthu, choncho zinthu zonse ankaziweruza ndi mphuno. Mkazi wake, Mayi Mbira, adakulira kumtunda, kwa anthu odya masamba. Chikwatiwireni ankangodya mizu, ndipo kunja sankatuluka chifukwa Kabawi ankazungulira pamwamba pa unawo. Zitini zija zidali zake. Adali atauza kale mwamuna wake kuti mpiru ukapanda kumera m'nyumbamo, iye amanga katundu wake.

Bwana Mfuko adamununkhiza Nalimata kuyambira kumutu mpaka kumchira, nati Sajeni apitirize ntchito yake.

"Bwana," adatero Nalimata, "kufa ndifa, sindikukana. Koma musanandipereke mundiuze, ndani akuzunza mpiru uwo?"

Mayi Mbira adatulukira kuchipinda msangamsanga.

Nalimata adalongosola kuti mpiruwo sukudwala, ukungofuna nyali. Adati iye adabadwira kuseri kwa babu pakhonde la sitolo m'tauni, bambo ake adafera pa nyali, agogo akenso chimodzimodzi, ndipo palibe nyali pansi pano imene iye saidziwa. Zoona zake n'zakuti nyali ankaidziwa ngati malo odyera basi, pamene njenjete zimasonkhana madzulo. Koma adayankhula mosadodoma, ndipo Mayi Mbira adayang'ana mwamuna wake mpaka mwamunayo adamva kuti akuyang'anidwa.

Adagwirizana kuti Nalimata akhale ndi moyo mpaka mpiru ufike pothyola. Ukakanika, Sajeni adya. Likongwe adachotsa dzanja lake mwaulesi, n'kukayala mphasa yake pakhomo penipeni, kuti aliyense wotuluka ayambe wamulumpha.

Adaitanitsa Khoswe, venda wogulitsa zinthu zotola kwa anthu. Khoswe adabwera ndi thumba, nakhuthula nyali zake pansi. Bwana Mfuko adati posankha asankha yekha, chifukwa chinangwa cholipirira n'chake. Ankati nyali ikayatsidwa, iye n'kusendeza mphuno. Ikakhala yofunda pang'ono ankapukusa mutu. Atafika pa nyali ya koloboyi, ndevu zake zidawauka, ndipo adasangalala kwambiri.

"Iyi ndiye nyali," adatero. "Ikumveka."

Nalimata adavomereza ndi mtima wonse, chifukwa pa koloboyi njenjete zimagwa zootcha kale. Adaika nyaliyo pakati pa zitini, pafupi kwenikweni ndi timbande, kenako adakwera pakhoma n'kuyamba kuimba. Nyimbo yake idali ya kulizaliza lilime, monga aimbira anthu a mtundu wake. Inkadzutsa mpiru, inkatamanda mphuno ya bwana, ndipo kumapeto, ndi mawu otsika, inkachonderera mpiruwo kuti usafe chifukwa khosi la woimbayo lapachikika patsinde lake. Likongwe ankavomera ali pamphasa pomenya mimba yake ngati ng'oma.

Sipadapite nthawi, timbande toyandikira nyali tidafota n'kupsa m'mbali. Takutali tidada ndi mwaye. Mayi Mbira adayamba kutsokomola, maso ali psuu ndi utsi wa parafini. Likongwe adadzuka, nadziongola.

Nalimata sadayerekeze kunena kuti nyali ya bwana ndi yoipa. Adati vuto ndi mpiruwo, ndi wakumudzi, sudazolowere kukhala pamaso pa nyali yolemekezeka chotero, ndipo wafa ndi manyazi. Adati mwana sayamba ndi chimanga chokazinga, amayamba ndi phala. Mpirunso uyambe ndi kuwala kofewa. Bwana Mfuko adaona kuti nkhaniyo ikumveka, nalamula kuti afesenso.

Ulendo uno Nalimata adati alembe ganyu ziphaniphani. Pamaso pa bwana adatamanda kuwala kwawo kozizira, kopanda utsi. Mumtima ankangoona chakudya chobwera chokha m'nyumba, chonyamula nyali yake yomwe.

Ziphaniphani zidabwera ndi kapitawo wawo, n'kudzandanda kudenga pamwamba pa zitini. Nalimata adaimbanso nyimbo ija. Idadzutsa mpiru, idatamanda aganyu atsopanowo, ndipo kumapeto idachonderera motalikirapo kuposa poyamba. Likongwe adavomera ndi mimba yake, koma tsopano ankamenya mofulumira.

Nyimbo itatha, Nalimata adazembera kumzere wakumbuyo n'kubwira chiphaniphani chimodzi. Chidali chowawa ngati ndulu. Adachilavula, nkhope itakwinyika, ndipo chiphaniphanicho chidapita chikudontha malovu kukanena kwa kapitawo. Kuyambira pamenepo aganyuwo ankagwira ntchito mokwiya. Komanso kuwala kwawo kudali kophethiraphethira: chimodzi chikayaka, china chazima. Timbande tidamera ndithu, koma posowa kuwala kokwanira tidangotalika kufunafuna, toonda, tachikasu, timasamba tiwiri kunsonga. Kenako tidagwa tokha m'mbali mwa zitini ngati taledzera.

Mayi Mbira atadandaula, kapitawo adayankha mosabisa kuti anyamata ake saphethira chifukwa cha ndiwo ayi, amaphethira kuti atsikana awaone, ndipo pansi pano palibe atsikana. Adatuluka onse modutsa pamutu pa Likongwe.

Bwana Mfuko adakwiya. Mayi Mbira adatulutsa chitenje chomangira katundu n'kuchiyala pabedi. Njere za mpiru zidatsala pang'ono pansi pa kapepala, zokwana kufesa kamodzi kokha. Likongwe adafunsa mwaulemu ngati m'nyumbamo muli mchere.

Nalimata adapempha kuti Khoswe abwerenso. Tsopano adasiya kuganiza za mimba yake n'kuyamba kuganiza za mimba ya Sajeni.

Khoswe adakhuthulanso thumba. Pansi penipeni padali nyali imene idamukanika kugulitsa: babu loyera, lophwatalala, lokhala ndi waya wautali, batire ndi kambale kakuda ka sola. Nalimata adalizindikira. Pakhonde la sitolo lija adaikapo babu lotere chaka china, ndipo abale ake onse adalinyoza chifukwa silinkaotcha njenjete. Koma adakumbukiranso kuti pansi pa babulo, mumng'alu wa simenti, mudamera kabonongwe kobiriwira bwino, konenepa, kosapendekera kulikonse.

Khoswe adatulutsa kambaleko kunja kuti kaothe dzuwa, nakoka waya mpaka pabalaza, n'kudina. M'nyumba monse mudayera. Mayi Mbira adaona kwa nthawi yoyamba kuti makoma a nyumba yake ndi ofiira.

Bwana Mfuko adasendeza mphuno. Adasendezanso, mpaka mphuno idagunda babulo.

"Yatsani," adatero.

Adamuuza kuti yayaka kale. Iye adati asamuyese mwana. Nyali yoyaka imamveka pankhope, ndipo iye sangapereke chinangwa chake pogula mbale yozizira. Adalamula kuti abweretse koloboyi uja, ayikenso pakati pa zitini, ndipo mpiru ukachitanso manyazi ndi zake zimenezo.

Nalimata adatsika pakhoma n'kudzakhala pansi pafupi ndi mapazi a bwana.

"Bwana, mwanena zoona, nyali iyi ndi yachabechabe," adatero. "N'chifukwa chake ndaisankha. Ine usiku sindigona, chikundiwawa chinthu chimodzi. Kodi mpiru ndi ndani kuti uziotha nyali imodzi ndi inu? Alendo akabwera adzati chiyani? Adzati kwa a Mfuko ndiwo ndi mwini nyumba n'chimodzimodzi."

Bwana Mfuko adatchera khutu.

Nalimata adapitiriza kuti m'nyumba za akuluakulu m'tauni, nyali yotentha imakhala kuchipinda kwa bwana, yozizira amasiyira antchito ndi masamba. Bwana Mfuko adati iyenso zimenezo amazidziwa, amangofuna kuona ngati Nalimata akuzidziwa. Adanyamula koloboyi yekha kupita naye kuchipinda kwake, ndipo Khoswe adalandira chinangwa cha nyali yachiwiri akuseka chamumtima.

Adafesa njere zotsalazo. Nalimata adamangirira babu ndi chingwe pa muzu wa kudenga, nalitsitsa mpaka lidatsala chikhato chimodzi kuti likhudze dothi. Adasonkhanitsa zitini zonse pansi pake kuti pasakhale chotsalira mumthunzi. Adaimba nyimbo yake kachitatu, koma tsopano matamando adachepa, kuchonderera n'kuchuluka. Likongwe adavomera mwaulesi, ngati munthu amene wadikira ndiwo nthawi yaitali.

Timbande tidamera tatifupi, tonenepa, tobiriwira. Palibe kadapendekera kukhomo. Mayi Mbira adapinda chitenje chija n'kuchibwezera m'bokosi.

Njenjete zidayamba kulowa pauna kutsata kuwala, ndipo Nalimata adanenepa. Chifukwa cha zimenezi, komanso chifukwa sankafuna kukhala mumdima ndi Likongwe, nyaliyo sankaizimitsa. Inkayaka mpaka batire litafooka lokha. Masamba adayamba kupindika m'mbali ngati atopa. Mayi Mbira adawayang'ana nthawi yaitali, kenako adafunsa Nalimata ngati kwawo kusitoloko dzuwa sililowa. Mayiyo adati kwawo kumtunda mpiru umagona ngati wina aliyense, ndipo kuyambira tsiku limenelo nkhululu zikayamba kulira panja nyali izizima, mbalame zikayamba m'mawa iziyaka. Nalimata adati ndi zimene amati anene mawa lake.

Choncho nyali ikazima Nalimata ankagona kudenga, atamata zala zonse. Mpiru udachira, nukula.

Tsiku lina masana, Bwana Mfuko ali kunkhokwe ndipo Mayi Mbira akutunga madzi kuseri, Likongwe adaitana Nalimata ali pamphasa.

"Mphwanga, wanenepa bwino. Usasiye kudya."

"Zikomo, Sajeni. Koma mpiru ukuchita bwino, ndiye mwina mudzangonyambita milomo."

Likongwe adaseka mpaka kugwira nthiti. Adamufunsa Nalimata ngati adamvetsetsa mawu a bwana tsiku lija. Bwana adati akhale ndi moyo mpaka mpiru ufike pothyola, sadanene za pambuyo pake. Mpiru ukakanika, adya. Ukachita bwino, ntchito yatha, mlandu wolowa osaodira ukadalipo, adyanso. Kusiyana kwake n'kwakuti ukachita bwino padzakhala ndi masamba apambali.

Nalimata adasekanso nawo pang'ono, mwaulemu. Kenako adakwera kudenga n'kukhala pamenepo, akuyang'ana khomo, akuyang'ana mphasa, akuyang'ana nyali.

Mpiru udali utakula mpaka masamba apamwamba adayandikira babu, nsonga zawo n'kuyamba kuyera. Nyaliyo inkafunika kukwezedwa, ndipo kufupikitsa chingwe idali ntchito yaing'ono. Koma Nalimata adayamba wapita kwa Mayi Mbira. Adawauza kuti mpiru ukathyoledwa udzatha, ndipo wanzeru amafesa wina woyamba usanathe. Khoswe adabweretsa njere zina, nafesa m'zitini zatsopano.

Timbande tatsopanoto titangomera, Nalimata adaluma chingwe pang'onopang'ono mpaka m'mawa wina chidaduka, babu n'kugwera pamasamba. Banja lonse lidathamangira pabalaza.

Nalimata adaoneka wodandaula kwambiri. Adati chingwe sichingathenso ntchito imeneyi. Mpiru wamkulu ukufuna nyali ikwere, waung'ono ukufuna itsike, ndipo chingwe chilibe nzeru. Pakufunika dzanja, loti lizikweza pang'ono kuno, kutsitsa pang'ono uko, osagwedezeka. Adadzipereka kuti agwira yekha. Adanyamula babulo ndi timanja take, n'kuyamba kunjenjemera dala. Kuwala kudavina pamakoma, mithunzi idalumphalumpha, ndipo Mayi Mbira adati akumva chizungulire.

Nalimata adapepesa. Adati manja a anthu wamba ndi otero. Adamvapo kuti asilikali akale ankatha kuimika dzanja m'mwamba kuyambira m'mawa mpaka madzulo ntchentche osadziwa kuti yatera pa munthu, koma mwina n'zongokamba, ndipo ngakhale zikhale zoona, Sajeni wathuyu wakula.

Likongwe adadzuka pamphasa. Adalanda babulo, naligwira ndi manja onse awiri pamwamba pa zitini, chifuwa chili patsogolo. Kuwala kudaima nji.

Mayi Mbira adaomba m'manja. Bwana Mfuko, amene sankaona chilichonse, adamva kuti mkazi wake wasangalala, nalamula pomwepo kuti iyi ndiyo ntchito ya Sajeni tsopano. Mbalame zikayamba anyamule nyali, nkhululu zikayamba aike pansi. Akaitula nthawi isanakwane, usajeni wake wathera pomwepo, ndipo adzatuluka pakhomo masana Kabawi akuona. Kenako adafunsa kuti nanga pakhomo alonda ndani. Nalimata adati bwana asade nkhawa, wakuba salowa m'nyumba yowala. Bwana Mfuko adaganiza za olowa, sadaganize za otuluka.

Nalimata sadathawe tsiku limenelo. Njenjete zidali zikadali zambiri, komanso ankafuna kuona mpiruwo ukuthyoledwa. Masana ankakhala pakhoma n'kumalangiza Sajeni: kwezani pang'ono achimwene, pitani kumanzere, chitini chakumapetocho chili mumthunzi. Likongwe adazindikira mochedwa chimene chidamuchitikira, koma lamulo lidali litatuluka kale. Ankangodikira madzulo kuti akagone pakhomo, manja ali dzanzi.

Tsiku lothyola lidafika. Dzuwa lili pamutu, Mayi Mbira adathyola masamba akuluakulu akunja, kusiya amkati kuti apitirize kukula. Adatafuna tsamba loyamba atatseka maso. Adapatsako mwamuna wake, yemwe adatafuna nati likukoma ngati madzi, koma ngati mayi asangalala, iyenso wasangalala. Kenako Bwana Mfuko adakonza kukhosi nati ntchito ya mlendo yatha, Sajeni akhoza kutenga zake.

Nalimata adatsika pakhoma mosafulumira. Adagwada pamaso pa Bwana Mfuko n'kuthokoza malo ogona. Adatembenukira kwa Mayi Mbira n'kuwakumbutsa kuti asamathire madzi ambiri, chifukwa pansi pano dothi siliuma msanga. Kenako adayamba nyimbo yake akuyenda. Ulendo uno sidadzutse mpiru, sidatamande munthu, ndipo kuchonderera kudalibe. Inkangotsazika zitini chimodzichimodzi, ndi kufunsa mwaulemu kuti lero wovomera ali kuti. Mimba ya Likongwe idalira yokha, popanda woimenya.

Adadutsa pakati pa miyendo ya Sajeni.

"Bwana, akupita," adatero Likongwe. "Ndiloleni nditule kamphindi kokha."

"Kodi nkhululu zalira?" adafunsa Bwana Mfuko.

"Sizinalire, bwana, koma..."

"Sajeni," adatero Mayi Mbira, pakamwa pali tsamba, "nyali ikugwedezeka. Timbande tanga tili mumthunzi."

Likongwe adaongola manja. Nalimata adalumpha mphasa yopanda munthu, naima pakhomo, nati atsale bwino onse, ndipo ulendo wina akadzabwera adzayamba waodira. Adasuzumira kumwamba, naona kuti Kabawi watembenukira kwina, n'kuthamangira mu udzu.

M'mawa mwake mbalame zitayamba kulira, Likongwe adapinda mphasa yake, nanyamula babu, nakaima pamalo pake. Mayi Mbira adadina, m'nyumba mudayera. Adapisa chala m'chitini chilichonse kuti amve chinyezi, nathira madzi pang'ono m'ziwiri zokha, n'kuuza Sajeni kuti atsitse dzanja lamanzere. Bwana Mfuko adali kuchipinda, akuotha koloboyi wake. Njenjete zidalowa pauna n'kuyamba kuzungulira nyali, zina n'kutera pamphuno pa Sajeni, ndipo kudenga kudalibe wozidya.